Nkhombe Nambala 14 ndi Upulofesa Wanga

Ana inu, Tadala wandifunsa kachitatu tsopano chifukwa chimene anthu a pa Kachulu amanditchulira Pulofesa, pomwe pakhoma la nyumba ino palibe satifiketi, pali kalendala ya ogulitsa feteleza basi. Kawiri konse ndinamuyankha kuti satifiketi inadyedwa ndi chiswe. Dzulo wapita kukafunsa agogo anu aakazi, iwo n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndiye ndaona kuti ndilembe ndekha nkhaniyi ndikadali moyo, chifukwa akaifotokoza iwowo ndituluka wopusa kuposa mmene ndinalili, chonsecho mmene ndinalilimo n'zokwana kale.

Kukoleji ndinapitako, chimenecho chokha musakayike. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, wailesi imodzi, ndipo wa m'mudzi mwathu muno kwa Mwambo wopita kukoleji analinso mmodzi, ineyo. Bambo anga analengeza kutchalitchi kuti mwana wawo Lingisoni akuphunzira udokotala. Ine sindinawauze choncho. Ndinawauza kuti ndikuphunzira za zinthu zamoyo, iwo n'kuona kuti chamoyo choyenera kuchilowera m'kalasi ndi munthu yekha. Kuyambira pamenepo ndikabwera patchuthi, amayi achikulire ankandionetsa mawondo otupa. Ndinkawayang'ana mofatsa, ndi nkhope ya ntchito, n'kutsimikiza kuti analidi mawondo.

Chaka choyamba ndinakhoza mwamwayi. Chachiwiri ndinadziwana ndi malo ena a m'tauni ya Zomba amene sinditchula pamaso pa ana, ndipo mayeso atabwera anandipeza ndili mbuu. Mphunzitsi wathu anali mzungu wamtali, wouma ngati nsungwi. Asodzi a kuno anamupatsa dzina loti Che Matope, chifukwa ankabwera pagalimoto kudzatapa matope a m'nyanja n'kuwaika m'mabotolo. Ankamumvera chisoni, amvekere kwawoko matope kulibe. Ameneyu anandiitanira muofesi mwake n'kundiuza kuti mwayi wanditsalira umodzi. Popeza kwathu n'kunyanja, patchuthi cha Pasaka ndikatole nkhombe za m'Chilwa ndi m'mitsinje yothira m'menemo, ndizigawe m'mitundu yake monga sayansi ifunira, ndibwere nazo tsiku lotsegulira. Ntchito ikakoma, ndipitiriza sukulu. Ikapanda kukoma, ndikatenge bulangete langa ndizipita.

Iwe Mphatso, ndikudziwa kuti nkhombe suidziwa, iwe umadziwa supuni ya pulasitiki. Nkhombe ndi mbale wake wa nkhono. Nkhono ili ndi chigoba chimodzi chopotoka, nkhombe ili ndi ziwiri zotsekana ngati zikhatho za munthu wopemphera. Mutu ilibe. Ili ndi phazi limodzi lokha longa lilime, limene imakumbira m'matope n'kudzikwirira, n'kusiya kampata kakang'ono kosefera madzi. Siyendayenda, siyankhula, sifunsa mafunso. M'zaka zimene ndikunenazi imeneyi ndiyo inali nzika yabwino koposa m'dziko muno, ndipo ambirife tinkaitsanzira. Chaka china nyanja inaphwa, matemba ndi makumba zinafa n'kununkha mpaka kumtunda, koma nkhombe zina zinangotseka pakamwa pansi pa dothi louma n'kudikira mvula.

Ine ndinkaona ngati kugawako n'kosavuta: zonse zokumba m'matope zikhale banja limodzi, tikadye. Che Matope anakana. Anati kukumba si ubale. Mfuko imakumba, mbewa imakumba, adzukulu amakumba (a kumanda, osati inu, inu simukumba ngakhale mbatata), koma palibe amene amawaitanira pa maliro amodzi ngati achibale. Ubale wa nkhombe umaonekera pamene zigoba ziwirizo zalumikizana. Pamenepo pamakhala timano tolowana. Ina timano take n'tambiri, tina tonga sowo. Ina n'towerengeka, tokhuthala. Ina ilibiretu, ngati ine lero. Ukatha kuwerenga mano umayang'ana kachitunda ka pamsana, kapindikidwe ka m'mphepete, ndi zipsera za mkati pamene panagwira mnofu. Kenako umaipatsa mayina awiri a Chilatini, loyamba ngati mfunda, lachiwiri lakelake. Tating'ono tonga chikhadabo tinali Corbicula. Zapakati, za mano okhuthala, Caelatura. Zikuluzikulu zodzaza chikhatho, zopanda mano, Aspatharia. Nditawawerengera mayi anga anati amenewo ndi mayina a masisitere, ndisamasewere nawo.

Masabata awiri ndinakhala m'madzi. Madzi a Chilwa mukuwadziwa, ukamiza dzanja sulionanso. Nkhombe umaisaka ndi mapazi. Umalowa mpaka m'chifuwa, n'kumapondaponda pang'onopang'ono ngati munthu wogwidwa ndi nyamakazi akuvina, ukamva chosalala cholimba umachipana ndi zala zakuphazi kapena umamira n'kuchizula. Misundu inandidziwa ndi dzina. Asodzi ankaimitsa mabwato m'mphepete mwa udzu wa njedza kuti aonere dokotala akugwira ntchito. Ena anapita kukafunsa bambo. Bambo anatsitsa mawu n'kuwauza kuti ndi mankhwala, boma landituma mwachinsinsi. Nthawi imeneyo ukangotchula boma, mafunso ankatha okha.

Koma ntchito ndinaigwira, ana inu, ndipo ndiyo ntchito yoyamba imene ndinaigwira ndi mtima wonse. Iliyonse ndinkaiwiritsa kuti iyasame, mnofu n'kuponyera abakha, zigoba n'kuzikwecha ndi phulusa. Mkati mwa chigoba chilichonse ndinkalemba nambala ndi inki yosafufutika, ziwiri zapamodzi n'kuzimanga ndi ulusi, m'kope n'kulembamo kumene ndinaitola ndi dzina lake la usisitere. Zinakwana makumi anayi. Ndinaziyanika pathandala la mbale kuseri kwa nyumba, zazikulu uku, zapakati uku, mizere yowongoka ngati ana a sukulu pa tsiku la alendo. Zinangotsala tating'ono tija, timene timakonda mchenga, ndiye ndinakwera bwato kupita ku chilumba cha Chisi. Ndinati ndigona kamodzi. Mwera unaomba, mabwato anakocheza, ndinagona kanayi, tinkhombe tija osatipeza.

Apa ndiyenera kupatuka pang'ono, chifukwa inu mpunga mumauona akuumweta ndi zenga, phesi lonse pansi, tsiku limodzi munda watha. Wathu sunali wotero. Unali faya wamtali, woimirira m'madzi, wosacha nthawi imodzi. Amayi ankadula ngala imodziimodzi, yakucha yokha. Mpeni wake unali nkhombe. Chigoba chimodzi m'chikhatho, chala chachikulu n'kukanikizira phesi pa mphepete yakuthwa, tswii, ngala m'dzanja linalo. Nkhombe yabwino inali chuma, ankaisomeka kutsindwi mpaka chaka chamawa. Chaka chimenecho madzi anadzaza kwambiri, palibe mayi amene anakwanitsa kutola zatsopano, ndipo zakale zinali zitatha mano, kunena kwake zitabuntha. Ine ndili ku Chisi, mpunga wa mayi unacha, mpheta zinatera, ndipo mayi anaitana anzawo kuti adzathandizane kudula.

Nditabwera ndinapeza thandala lili mbee. Ulusi wanga wokha ndi umene unapulumuka, utakolowekedwa bwinobwino pamsomali, chifukwa mayi anga sankataya ulusi. Iwo anatulukira kuchokera kumunda, chitenje chili chonyowa mpaka m'chiuno, nkhope ikuwala.

"Lingisoni mwana wanga, ine ndinkadandaula kuti kusukuluko akungokuphunzitsa kuvala nsapato. Koma apa ndiye wandichotsa manyazi. Zotsuka kale, zosanja kale. Amayi onse akuti ndikuthokoze."

Ndinafunsa, ndi mawu a munthu amene akufunsa za wodwala amene akudziwa kale kuti wapita, ngati anazimasula. Anati inde, nanga munthu angadule ndi ziwiri? Ndinafunsa za timano. Anati tinthu timeneto tinkalasa m'chikhatho, ndiye anatipera pamwala. Zazikuluzo anazinola m'mphepete n'kusalaza kachitunda kuti zigwirike bwino. Anandionetsa yawo monyadira. Inali nambala 22. Chilichonse chimene Che Matope ankafuna kuona chinali chitasanduka fumbi loyera pamwala wonolera mipeni.

Ndinakhala pamtondo. Kunatsala masiku asanu kuti titsegulire, ndipo madzi amene ananditengera masabata awiri sakanandipatsa zina m'masiku asanu. Ndinati basi, ngakhale zoperedwazo ndizitenge, mwina manambala andichitira umboni. Mayi anati palibe nkhombe imene ichoke m'munda mpunga usanathe, mpheta sizidziwa za koleji. Ngati ndikuzifuna pofika Lamulungu, ndivule nsapato.

Umu ndi mmene dokotala wa kwa Mwambo anapezekera pamzere wa amayi, madzi m'mawondo, kope m'thumba la malaya. Ngala zitatu zoyamba ndinadula bwino. Yachinayi inali chala changa. Mayi anandisuntha n'kundiika pafupi ndi mtsikana wina, Esinati, mwana wa mayi woumba mbiya wa kutsidya kwa dambo, kuti azindiyang'anira. Esinatiyo sanandiseke. Anangondigwira dzanja n'kulitembenuza monga utembenuzira mwana amene wagwira khasu chadodolido. Iye ankadulira nambala 14. Ine anandipatsa nambala 9.

Dzuwa litafika pamutu, yanga inayamba kunyenyeka m'mphepete, ikungotafuna phesi. Yake ikudulabe. Anandifunsa kuti manambalawa ngachiyani. Ndinaongola msana, ndinatsokomola, ndinamufotokozera zonse, mano, zipsera, mfunda. Ndinamalizira ndi chitsanzo, kuti yake ndi yanga n'zamtundu umodzi, ndipo m'kope ndinazilemba dzina limodzi.

"Ndiye kuti kope lanulo lalakwa, achimwene," anatero, osasiya kudula.

Ndinamuuza kuti kopelo lalembedwa ndi munthu wa chaka chachiwiri. Anati chabwino, koma yakeyo ndi ya kumathiriro a mtsinje, yolemera, imadula mpaka dzuwa kulowa. Yangayo ndi ya m'matope a panyanja, yopepuka, ntchito yake n'kupalira mbiya ikadali yaiwisi, ndipo amayi ake akanaiona m'munda akanaseka. Anatenga zonse ziwiri n'kuzigogoda pa dzino lake lakutsogolo, iyi kenako iyo, n'kundiuza kuti ndimve kusiyana kwake. Sindinamve kanthu. Ndinamuuza mwaulemu kuti sayansi imawerenga mano a nkhombe, osati a woyesa.

"Nanga si mwati zazikuluzi zilibe mano? Ndiye ndazibwereka anga."

Anzake anaseka mzere wonse. Ine ndinatembenuka ngati ndikuthamangitsa mpheta, n'kusuzumira m'kope. Nambala 14, kumathiriro a Likangala. Nambala 9, m'matope a pa Kachulu. Mtsikanayo kope anali asanaligwirepo. Ndinabweza kope m'thumba. Munthu wophunzira samafulumira kuvomera, makamaka ali m'madzi.

Mpunga unatha Loweruka. Amayi anandibwezera nkhombe zanga, aliyense n'kundiuza kuti chaka chamawa ndisaiwale. Esinati anapereka yake komaliza, monyinyirika, n'kunena kuti akundibwereka chabe. Lolemba ndinakwera lole ya matemba ndi katoni yanga pamiyendo. Pamsika, amuna a malaya ofiira oona makadi a chipani anandiimitsa, khadi ndinaonetsa, katoni anatsegula. Wamkulu wawo anafunsa kuti zimenezi n'chiyani. Ndinamuyang'ana m'maso n'kunena kuti Aspatharia. Anatseka katoni ndi manja awiri n'kundiuza kuti ndiyende bwino.

Che Matope sanali wophweka choncho. Anazitulutsa imodziimodzi n'kuziyala patebulo. Ofesi yonse inanunkhira mapesi a mpunga. Anatenga galasi lake lokuzira zinthu, anafufuza timano pa nambala 22, kenako pa ina, kenako pa ina. Atatopa anandifunsa ngati kwathu kuli nyama imene imadya mano a nkhombe. Ndinati ilipo, ndipo ndi imene inandibereka. Sanaseke. Anati pepani, apa palibe chimene angachonge, izi si nkhombenso, ndi mipeni.

Ndinaona bulangete langa likundiyandikira. Ndiye ndinatola nambala 9 ndi nambala 14 n'kuziika patsogolo pake. Ndinati ngakhale m'kope ndinazilemba dzina limodzi, nditaziphunzira mozama ndazindikira kuti ndi mitundu iwiri. Anaziyang'ana mosafuna. Kenako anazitembenuza, anayang'ana zipsera za mkati, zimene mwala wa mayi sunafikeko. Anayeza ndi kachitsulo kake. Anatsitsa buku limodzi, anatsitsa lachiwiri. Ine chiimire. Pomaliza anati n'zoona, ndi mitundu iwiri ya mfunda umodzi, yonse ilimo m'mabuku, koma ngakhale a chaka chachitatu amaisokoneza. Anavula magalasi n'kundifunsa kuti wazindikira zimenezi ndani.

Ana inu, apa agogo a anzanu akanakuuzani kuti ananena zoona chifukwa cha chikumbumtima. Ine ndinanama. Ndinati ndine. Lembani zimenezo.

Anati ngati ndi choncho ndili ndi diso losowa, ndipo andikhululukira mipeniyo. Anangotsegula kabati, n'kutulutsa zigoba zake khumi ndi ziwiri zopanda manambala, n'kuzisakaniza patebulo. Anati ndizigawe pawiri, basi, ndikatero ndipite m'kalasi.

Ndinaziyang'ana. Zonse zinali nkhope imodzi. Ndinakumbukira mmene anachitira Esinati, ndinatola yoyamba n'kuigogoda padzino. Che Matope anakweza nsidze. Ndinagogoda yachiwiri. Kulira kwake kumodzimodzi. Ndinaganiza kuti mwina ndikugogoda mwaulemu kwambiri, ndiye yachisanu ndinaimenyetsa ndithu. Dzino loyamba kuchoka m'kamwa muno linayambira pamenepo, linabenthuka n'kugwera pa buku lachiwiri lija. Ndinamaliza kugawa ndikulawa magazi. Iye anawerenga milu iwiriyo n'kunena kuti ndakhoza theka, ndipo nkhuku nayonso ikanakhoza theka.

"Ndikufunsanso, Lingisoni. Wazindikira ndani?"

Ndinamuuza. Analemba dzinalo mosamala, chilembo chimodzichimodzi, kusamala kumene langa sanalilemberepo. Anafunsanso njira yopita kutsidya kwa dambo. Kenako anandigwira chanza, ndipo madzulo asanafike ndinali pa lole yomwe ija, bulangete pamiyendo.

Bambo sanandikalipire, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangosiya kukhala pa benchi lakutsogolo kutchalitchi, n'kumakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, mpaka imfa yawo. Pa nkhani yonseyi chimenechi chokha n'chimene sindinachipezere nthabwala, ndipo ndafufuza zaka zambiri.

Patapita masabata awiri chibwerereni kukoleji, galimoto ya Che Matope inaima pabwalo pathu. Mudzi wonse unati abwera kudzatenga dokotala, aona kuti analakwitsa. Inenso ndinaganiza choncho, ndinathamangira m'nyumba kukavala nsapato. Mzunguyo anandipatsa moni bwinobwino, kenako n'kupempha kuti ndimuperekeze kwa Mayi Esinati. Anafuna kuti aziyenda naye m'mphepete mwa nyanja chilimwe chonse, azimusonyeza mitundu ndi malo ake. Amayi ake a Esinati anati mwana wawo sangakwere galimoto ndi mlendo popanda munthu wa pamudzi, ndiponso Chingerezi sachimva. Anayang'anayang'ana kuti apeze munthu wodziwa Chingerezi amene alibe chochita. Sanafufuze nthawi yaitali.

Tisananyamuke, Esinati ananditembenukira n'kunena kuti, "Achimwene, ntchito yanu yoyamba. Mufunseni mzunguyu nkhombe yanga ili kuti." Ulendo wotsatira Che Matope anaibweretsa itakulungidwa m'thonje.

Chilimwe chonsecho tinayenda, kuyambira Kachulu mpaka cha kwa Kuntumanji. Esinati m'madzi, akuzula, akugogoda padzino, akuponya iyi uku iyo uko. Che Matope m'matope mpaka m'ntchafu, akulemba chilichonse chimene mtsikanayo wanena. Ine kumtunda pouma, nsapato kuphazi, ndowa m'manja, ndikufuula Chingerezi mbali iyi ndi Chinyanja mbali iyo. Tsono inu mukanakhala asodzi mukudutsa pabwato, n'kuona anthu awiri akuvutika m'thope pomwe wachitatu waimirira pouma atavala nsapato akulankhula mokweza, mukanati wamkulu ndani? Dzina la Pulofesa linayambira pamenepo. Ine sindinalipemphe. Kungoti sindinalikanenso.

Za mmene ine ndi Esinati tinakwatirirana, agogo anu amati anaona kuti munthu wosamva kulira kwa nkhombe sangakhale yekha m'dziko muno. Ine ndimati anakopeka ndi dzino lobenthuka. Musankhe nokha, koma kumbukirani amene amakupatsani chakudya.

Mwezi wathawu Tadala anandionetsa pafoni kuti akatswiri anaunikanso zazikulu zija, n'kuzichotsa kwa Aspatharia, akuti tsopano mfunda wake ndi Chambardia. Ndinakondwa kwambiri. Anzanga onse amene anakhoza chaka chimenecho anakhoza ndi dzina lolakwika, ndipo ena anafa asakudziwa. Ndinathamangira kukawauza agogo anu kuti nkhombe yawo yasintha mfunda. Anali akupeta mpunga. Anandifunsa ngati yasiya kudula. Ndinati ayi. Anapitiriza kupeta.

Ndiye iwe Tadala, ukufuna satifiketi ya nyumba ino. Pita kukhitchini, utsegule chitini cha mchere. Chigoba chimene mumatapira mchere tsiku ndi tsiku chija, uchitembenuze, uchipukute mkati. Inki ija inalidi yosafufutika, nambala 14 uiona. Koma uyambe wapempha kwa eni ake, chifukwa si yanga. Ine anangondibwereka.